Kakombo wa kudambo ndi dziwe la pakhomo: kuyankha mayi wa ku Mchinji

Mayi wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo yonena kuti akufuna kuwaka dzenje lomwe lidatsala ataumba njerwa kuti likhale dziwe la maluwa, koma atatchula zokatenga kakombo kudambo abale awo adawaseka, amvekere umenewo ndi udzu wa achule, kuli bwino kugula maluwa akunja kapena kungoponyamo namasupuni. Akufunsa ngati kakombo angamere pakhomo, komanso ngati zili zoona zimene mwana wawo adamva kusukulu, zoti duwali lili m'gulu la maluwa akale kwambiri padziko lapansi.

Amayi, kalata yanu yandikhudza chifukwa chitonzo chimenecho ndimachidziwa. Kuno ku Kasungu nthaka timaiona ngati ya fodya, chimanga ndi mtedza basi, ndipo munthu akapatula kachigawo ka bwalo kuti abzalepo chinthu chosalowa m'nkhokwe, anthu amayamba kukayikira ngati mutu wake ukuyenda bwino. Pamene ndinkawaka kadziwe kanga, aliyense wodutsa ankaima n'kufunsa ngati ndikufuna kuweta nsomba, ndipo ndikayankha kuti ndi ka maluwa, funso lotsatira linkakhala lomwelo: "Nanga maluwawo mudzadya?" Wogulitsa mbande wina m'tauni adandiuza motsindika kuti za kudambo sizilola kukhala pakhomo, kenaka adandionetsa chithunzi cha kakombo wofiira wochokera kunja pa mtengo umene ukadagula thumba la feteleza. Ndidamusiya, ndipo mizu ndidakazula ndekha m'thawale lina kumunsi kwa mudzi. Lero dzuwa likangotentha m'mawa, maluwa obiriwira ngati thambo, okhala ndi chikasu pakati, amatseguka pamwamba pa madzi, njuchi n'kudzazana, ndipo pofika masana ndithu amadzitsekanso. Amene ankaseka aja ndiwo amabwera ndi alendo awo kudzajambulitsa pamenepo.

Funso loti maluwa tidzadya limandikwiyitsa chifukwa yankho lake ndi inde, timadya tsiku lililonse. Ngayaye ndi ndevu za chimanga ndi maluwa, ndipo popanda izo nsima kulibe. Mtedza, nyemba, mango, maungu, fodya, ngakhale udzu umene timafolera nyumba, zonsezi ndi zomera zochita maluwa, ndipo mitundu yake yodziwika ilipo pafupifupi 300,000. Kakombo mwiniwakeyo amadyedwanso, pakuti anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa amakumba mizu yake m'madambo a mtsinje wa Shire, n'kuitcha nyika, ndipo yakhala ikupulumutsa mabanja ambiri m'zaka za njala.

Mwana wanuyo sadamve molakwa. Kwa nthawi yaitali kwambiri dziko lidali lobiriwira koma lopanda duwa, ndipo mitengo imene inkalamulira idali ya mtundu wa paini ndi mkungudza wa ku Mulanje, yomwe imabereka mbewu popanda duwa kapena chipatso. Umboni wodalirika wa zomera zamaluwa umayamba kuoneka m'miyala ya zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, m'nyengo imene akatswiri amaitcha Cretaceous, yomwenso kunkayenda zinyama zikuluzikulu zonga Malawisaurus amene mafupa ake adapezeka ku Karonga. Zomerazi zitangooneka zidachuluka mofulumira kotero kuti wasayansi wa ku England Charles Darwin, polembera mnzake Joseph Hooker m'chaka cha 1879, adadandaula kuti nkhaniyi ndi chinsinsi chosautsa. Chondisangalatsa ine n'chakuti zina mwa zotsalira zakale kwambiri ndi za zomera za m'madzi: Archaefructus ya ku Liaoning m'dziko la China, ya zaka pafupifupi 125 miliyoni, ndi Montsechia yomwe inkamera m'nyanja za madzi opanda mchere kudera lomwe lero ndi Spain.

M'chaka cha 1999 ofufuza atayerekeza DNA (zotengera kumtundu zimene zimaonetsa chibale cha zamoyo) ya zomera zambiri adapeza kuti nthambi yoyamba kupatuka pa banja lonseli yatsala ndi chitsamba chimodzi chokha, Amborella, chomwe chimamera pachilumba cha New Caledonia basi, ndipo nthambi yotsatira ndi ya akakombo. Apa ndikupempheni kuti mumuwongolere mwanayo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amafulumira kunena kuti kakombo ndiye kholo la maluwa onse, pamene sizili choncho. Zili ngati mbumba imene idapatuka pamudzi kalekale n'kukamanga kwina: ndi abale, magazi ndi amodzi, koma sindiwo adabereka otsala pamudzi paja, ndipo nawonso akhala akusintha m'zaka zonsezi. Mukathyola duwa limodzi n'kulisenda pang'onopang'ono, mudzaona kuti timasamba take timanka tichepa polowa m'kati mpaka kusanduka timitengo tonyamula mungu, popanda malire oonekeratu, zomwe simungazione pa duwa la nyemba kapena la thelere. Tsamba lake limapumira kumtunda kokha chifukwa kunsi kwagona pamadzi, ndipo phesi mukalidula mudzapeza timabowo totengera mpweya kupita ku mizu ya m'matope.

N'chifukwa chake sindivomereza kuti chomera chotere chizitchedwa udzu wa achule, ndipo ndikamaganizira kwambiri ndimaona kuti vuto lathu ndi kunyoza chilichonse chimene sitidalipire ndalama. Kakombo wobiriwira wa m'madambo mwathuyu ndi yemweyo amene Aiguputo akale ankajambula m'makoma a manda a mafumu awo, ndipo kumaiko ozizira anthu amamuvutikira pomusunga m'nyumba zagalasi. Ofiira ndi achikasu ambiri amene amagulitsidwa adachokera ku ntchito ya Mfalansa Joseph Bory Latour-Marliac, yemwe adatsegula nazale yake mu 1875 n'kumakwatitsa mitundu yopirira chisanu cha ku Ulaya. Ntchitoyo idali yabwino, koma adaigwirira nyengo ya kwawo, ndipo ife tilibe chifukwa chogulira yankho la vuto limene tilibe. Ku Rwanda kuli kakombo wamng'ono kuposa onse, Nymphaea thermarum, yemwe adatsala pang'ono kutheratu malo ake atasokonezedwa, ndipo adapulumukira ku munda wa Kew ku London kumene Carlos Magdalena adapeza njira yomeretsera mbewu zake mu 2009. Madambo athu nawo akulimidwa mpaka m'mphepete mwa madzi, choncho kusunga kakombo pakhomo sindikuona ngati masewera.

Za namasupuni zokha ndiye ndikukanizani kwamtuwagalu. Chomerachi kwawo ndi ku South America, si mbale wa kakombo, ndipo chimaswana mofulumira mpaka kutseka madzi onse, monga momwe chavutitsira asodzi ndi makina opangira magetsi mumtsinje wa Shire. Mvula ikakokolola kachidutswa kamodzi kuchoka pakhomo panu n'kukalowa mumtsinje wa Bua, amene adzalire ndi anthu a kutali omwe sadaone n'komwe dziwe lanulo.

Kabzalidwe kake

Sankhani malo owomba dzuwa maola osachepera 6, kutali ndi mitengo yoyoyola masamba, ndipo madzi akhale odekha, akuya masentimita 30 mpaka 60 pamwamba pa muzu. Dziwe likangowakidwa, lidzazeni ndi kulikhuthula kangapo kuti ukali wa simenti uchoke. Muzuwo muubzale m'beseni lakale lodzaza ndi dothi lamakande, nsonga yophukira ili poyera, n'kuyalapo timiyala. Manyowa ambiri amangobweretsa ndere. Pokazula valani majombo ndi magolovesi, tengani mizu yochepa, ndipo muitsuke bwino n'kuchotsa masamba akale, chifukwa nkhono zofalitsa likodzo zimakonda kumatirira kunsi kwa masambawo. Pewaninso maiwe a mitsinje ikuluikulu kumene kuli ng'ona. Ikanimo matemba kuti azidya mphutsi za udzudzu, osati chilunguni chomwe chimadya masamba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kakombo amafooka ndi kuzizira, koma musamuzule, adzaphukanso kukayamba kutentha. Ngati pakhomopo pali ana aang'ono, mpanda wokhala ndi chitseko umangidwe madzi asanathiridwe.