Yankho kwa achemwali amene afunsa za katundu wa malemu bambo awo

Pepani kwambiri achemwali ndi maliro. Mwafunsa kuti bambo anu anali apolisi ndiye mfuti yawo yosakira ndi mayunifomu mutani nazo, komanso muwakumbukire bwanji. Ife tinadutsamo pomwe tinataya amalume, iwo ankaphunzitsa ma recruit kugwira mfuti ku sukulu ya apolisi ya Lilayi ku Lusaka, atapuma ntchito anabwerera kuno ku Chipata kumalima chimanga ndi nshawa kufupi ndi Chadiza.

Za mfuti musachedwe nazo, laisensi imakhala m'dzina la munthu mmodzi, siyopatsirana ngati njinga ayi. Pitani ku polisi mukanene kuti mwini wake anamwalira, tengani laisensiyo ndi pepala la imfa, iwo akuuzani zochita. Ndipo chonde ana asaiyandikire, amalume ankati mfuti iliyonse uziyesa kuti muli chipolopolo ngakhale wachotsamo zipolopolo wekha, osalozetsa munthu olo mukuseka, chala kutali ndi trigger. Tili ana tinkaona ngati ndi aukali chabe koma anali kutiteteza.

Yunifomu mufunsenso komweko, isangovalidwa ndi aliyense. Ife tinasunga zithunzi za pa pass out, mwambo womaliza maphunziro a upolisi, ndi masatifiketi awo, amayi anaziika mu felemu pabalaza. Tsiku la chiliza kunabwera abambo awiri amene anawaphunzitsa kale, imvi mbuu, anaima pamanda nkuchita sawasha, amayi analira mpaka tinawagwira. Muwaitane anzawo a ntchito achemwali, amadziwa nkhani za bambo anu zimene inu simunamvepo.