Prince Edward Island: kodi n'koyenera mtunda wonsewo?

Mlongo wina amene akuphunzira mumzinda wa Halifax ku Canada wandilembera kalata ya pa imelo. Akuti anzake akumukakamiza kuti apite nawo ku Prince Edward Island pa tchuthi, koma iye sakuona chifukwa chowonongera ndalama pa kachilumba komwe, malinga ndi iye, "kuli mbatatesi basi ndi nyumba ya mtsikana wa m'buku." Afunsanso ngati munthu wakwathu angadye zakudya za kumeneko osachita nseru.

Achemwali, pitani. Koma pitani pakati pa June ndi September, chifukwa m'nyengo yozizira malo ambiri a alendo amatsekedwa ndipo mphepo ya kunyanja imalasa mpaka m'mafupa.

Pa za mbatatesi simunaname: chigawochi, chomwe ndi chaching'ono kuposa zigawo zonse za Canada, chimalima pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mbatatesi za dzikolo. Dothi lake ndi katondo weniweni, wofiira ngati wa ku Thyolo, ndipo ukafika kugombe umaona zitunda zofiira zikutsikira m'nyanja yobiriwira. Kuchokera ku Halifax mungakwere sitima yapamadzi pa Caribou mpaka Wood Islands, kapena kuzungulira ku New Brunswick n'kuwoloka mlatho wa Confederation, wautali makilomita 12.9, womwe unatsegulidwa mu 1997. Polowa simulipira, amakudikirani potuluka.

Tsono za mtsikana uja. Anne sanakhaleko, ndi munthu wopeka wa Lucy Maud Montgomery, amene buku lake la Anne of Green Gables linatuluka mu 1908. Koma nyumba ya m'bukuyo, yomwe ili m'mudzi wa Cavendish pachilumbapo, ndi yeniyeni, inali ya achibale a mlembiyo, ndipo manda a mlembiyo ali pafupi pomwepo. Ine ndinalakwitsa kupita ndisanawerenge bukulo, ndiye ndinangoona nyumba yoyera ya denga lobiriwira ndi kabedi kakang'ono m'chipinda cham'mwamba. Pambali panga panali mayi wina wa ku Japan akupukuta misozi. Bukulo linamasuliridwa m'Chijapanizi mu 1952, ndipo anthu a kumeneko amabwera ochuluka chaka ndi chaka. Werenganitu kaye, ngakhale mitu isanu yoyambirira.

Ku Charlottetown, likulu la chilumbachi, n'kumene atsogoleri anakumana mu 1864 kukambirana zopanga dziko la Canada, ngakhale chilumbacho chinazengereza mpaka 1873 kuti chilowemo. Tawuniyo ndi yaing'ono, masana amodzi akukwanirani.

Nkhani ya m'mimba nayo ndi iyi. Oyster za ku Malpeque, zamoyo za m'nyanja zokhala m'zigoba ngati nkhono, amazidya zosaphika, zozizira, atangofinyirapo mandimu. Ndinameza imodzi, yachiwiri ndinaisiya, musadzikakamize. Yambani ndi mussels zowiritsa, zomwenso ndi za m'zigoba, kenako lobster, nkhanu yaikulu ya m'nyanja yamchere ija. Mgonero wa lobster unayambira m'maholo a m'midzi ndi a matchalitchi pofuna kupeza ndalama, ndipo m'midzi ngati New Glasgow mwambowo udakalipo. Amakumangani kansalu pakhosi ngati mwana, n'kukupatsani kachitsulo koswera zipani, batala wosungunula ali m'kambale. Madzi a nkhanuyo amathovukira mpaka kwa munthu wa tebulo lina, ndipo palibe amene amakwiya. Amene munazolowera kutola minga ya chambo ndi zala simudzavutika, koma musavale bulauzi yoyera.