Dzimbiri kunsi kwa motorhome: penti amabwera pomaliza

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Leeds, ku Britain. Anagula motorhome (galimoto yokhala ndi nyumba yogonamo) ya 2009 yomangidwa pa Fiat Ducato, yotalika mamita 6.5. Galimotoyo yadutsa MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati ndi yoyenera pamsewu, koma oyeza alemba chenjezo loti kunsi kwayamba dzimbiri, makamaka pa chitsulo chopingasa cha kutsogolo ndi pafupi ndi masipuling'i akumbuyo. Mnzawo wawalangiza kugula penti woteteza ku dzimbiri wotchedwa POR-15. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndingopaka pamwamba pa dzimbiripo monga akunenera pachitini? Ndigule malita angati, ndipo ndingamalize Loweruka limodzi?"

Bambo, Loweruka limodzi ayi. Konzani masiku anayi kapena asanu, ndipo awiri mwa amenewo mudzangokhala mukudikira kuti chitsulo chiume. Kupaka kwenikweni ndi maola ochepa chabe. Chimene chimachititsa kuti penti akhalitse kapena asupuke chaka chisanathe ndi zimene mwachita chitini chisanatsegulidwe.

Musanagule kalikonse, lowani kunsiko ndi tochi, kanyundo ndi screwdriver yakale. Gogodani chassis yonse, zitsulo za kunsi zonyamula galimoto, pang'onopang'ono. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee, chovunda chimangoti phu ndipo chimagwetsa zibanthu. Paliponse pamene screwdriver ikulowa, kapena pamene chitsulo chikubonyoka mukakanikiza ndi chala, pamenepo si pa penti, ndi pa wowotcherera. Malamulo a MOT amalepheretsa galimoto ngati dzimbiri lafooketsa chitsulo pa mtunda wosapitirira masentimita 30 kuchokera pamene pamangiriridwa suspension, chiwongolero, mabuleki kapena malamba a mipando, ndipo chigamba choikidwa pamalo otere chimafunika kuwotchereredwa kuzungulira monse, osati kungodontheza apa ndi apo. Penti sabwezeretsa mphamvu ya chitsulo ngakhale pang'ono. Mukapita kowotcherera, akumbutseni kuti pamwamba pa chassis pali thabwa la pansi pa nyumbayo, mapaipi a gasi, ndi mabatire awiri, la injini ndi la m'nyumba, onse ofunika kumasula pamodzi ndi waya wochokera ku sola.

Popeza mwatchula masipuling'i, chassis yanu ndi ya Fiat mpaka kumbuyo. Ma motorhome ena amakhala ndi chassis ya kampani ya AL-KO kumbuyo, imene ilibe masipuling'i otere ndipo inaviikidwa mu zinki. Imeneyo sifuna penti, kungotsuka ndi kupopera wax. Penti wamba wa mafuta sagwirira bwino pa zinki, amasupuka. Pa yanuyo, malo oyenera kuyang'anitsitsa ndi chitsulo chopingasa cha pansi pa radiyeta, chimene chimadziwika kuti chimadyeka msanga pa ma Ducato, pa zogwirira masipuling'i, poimika jeki, pansi pa masitepe a zitseko za kutsogolo, ndi zitsulo zimene omanga nyumbayo anawonjezera kumbuyo kuti atalikitse chassis. Zowonjezerazi nthawi zambiri zimakhala ndi penti wopyapyala kuposa wa Fiat, ndiye ndi zimene zimayamba.

Za kukweza galimoto sitinyengerera. Galimoto imeneyi ikakhala yodzaza imafika makilogalamu 3,500. Jeki ndi yokwezera, si yogonera pansi pake, ndipo timapulasitiki tija tolinganizira galimoto ku kampu si toti munthu n'kulowetsa mutu kunsi. Pamafunika ma axle stand, zitsulo zochirikizira galimoto yokwezedwa, oimikidwa pa simenti, ndipo werengani bwino kulemera kolembedwapo chifukwa ambiri amalemba kwa awiri pamodzi, osati kwa limodzi. Matayala otsala pansi muwatsekere ndi matabwa. Thanki ya madzi akumwa ndi ya madzi otayika muzikhuthule, gasi mutseke.

Tsopano mdani weniweni, mchere. Makhonsolo a ku Britain amawaza mchere m'misewu nyengo yozizira, ndipo umalowa m'ming'alu yonse ndi m'timaenje ta dzimbiri. Mukaphimba mchere ndi penti, umakoka chinyezi kudzera mu pentiyo, pansi pamatuluka matuza, dzimbiri n'kupitiriza ntchito yake mobisika. N'chifukwa chakenso galimoto zakale zochokera ku Britain zimapitirira kudyeka zitafika kale kwathu kumene kulibe chipale chofewa. Choncho tsiku loyamba ndi lotsuka. Chotsani zotchinga za pulasitiki za m'matayala ndi tayala la sipeya. Poperani madzi amphamvu paliponse, mpaka m'mabowo a chassis, kufikira madzi otuluka ayere. Kenako mankhwala osungunula girisi, osuka ndi madzi osati a mafuta, mukweche ndi burashi, mutsukuluze kawiri. Madzi amphamvuwo musawalozetse pa thabwa la pansi kapena pa zolumikizira mawaya. Chizindikiro chakuti girisi wachoka: madzi amayala pa chitsulo m'malo mopanga timadontho.

Ngati mwini wakale anapakapo tala wakuda uja amamutcha underseal, yense amene wang'aluka kapena kutukumuka achoke. Mutenthetseni pang'ono ndi heat gun n'kupala ndi chitsulo chophwatalala, kutali ndi mapaipi a dizilo ndi a gasi. Ndipo inu musadzapake tala woteroyo pa dzimbiri. Amauma, amang'ambika, madzi amalowa kumbuyo kwake osatulukanso. Zili ngati kumanga bandeji pa chilonda chosatsuka.

Kupala dzimbiri ndi kumene kuli thukuta. Yambani ndi nyundo kugwetsa zibanthu zokhuthala, chifukwa burashi ya waya payokha sizichotsa. Imangozipukuta n'kuziwalitsa, munthu n'kuganiza kuti wafika pa chitsulo pomwe ali pa dzimbiri lolimba. Amene ali ndi kompuresa, needle scaler, chipangizo chogogoda ndi timisomali tambiri, imachita ntchito imeneyi bwino kwambiri m'makona. Kenako grinder ya mamilimita 115 yokhala ndi burashi ya waya wopota, ndipo pa malo osalala flap disc, disiki ya timasandipepa, ya nambala 40 kapena 60. Musadye chitsulo chabwino, cholinga ndi kuchotsa chilichonse chosagwira. M'mphepete mwa penti wakale amene akadali wolimba mukwechemo ndi sandipepa wa 80 kuti pasakhale sitepe. Valani magalasi otseka m'mbali ndi chigoba cha kumaso, popeza timawaya timathothoka ndi liwiro ndipo inu mwagona chagada pansi pake, komanso masiki ya fumbi ya mtundu wa FFP3. Mukamaliza tsukaninso, popeza kupala kumavumbula mchere wina umene unali pansi pa zibanthu.

Apa ndiye tifike pa POR-15 wa mnzanuyo. Ndi penti wabwino, koma ndi wosankha. Ndi wa polyurethane amene amalimba pokoka chinyezi cha mumpweya, ndipo amagwira pa chitsulo chokhakhala, chodyeka ndi dzimbiri, chouma gwa. Pa chitsulo chosalala chonyezimira, pa penti wakale, kapena pamene patsala girisi pang'ono, amadzasupuka ngati chikopa. N'chifukwa chake opanga ake amati pakhale masitepe atatu: kusungunula girisi, kenako Metal Prep, amene ndi asidi wa phosphoric wokhala ndi zinki, kenako penti. Metal Prep mumamupopera ndi kusunga chitsulo chonyowa naye kwa mphindi 15 mpaka 20, mumatsukuluza ndi madzi, ndiye n'kudikira kuti chiume kotheratu. Mukaona kaufa kotuwa kapena kadzimbiri kopyapyala kachikasu chitauma, musade nkhawa, pukutani ndi nsalu youma basi. Chinyezi chikatsala m'ming'alu, penti ameneyu amachita thovu n'kusiya timabowo.

Popaka, musaviike burashi m'chitini. Takasani, osakhutchumula, thirani pang'ono m'kachitini kena, ndipo tsekani chachikulucho mutayala pepala la pulasitiki pansi pa chivindikiro, apo ayi mawa simudzachitsegula. Zotsala m'kachitini musazibwezere. Pakani kawiri mopyapyala. Kachiwiri kabwere pamene koyamba kauma koma chala chikukokabe pang'ono, nthawi zambiri pakati pa maola 2 ndi 6 malinga ndi chinyezi. Mukagona osapaka kachiwiri, mawa muyenera kukwecha ndi sandipepa kaye. Wokhuthala amachita matuza. Yambani ndi m'mphepete, m'makona, pa maboti ndi pa zowotcherera, chifukwa penti amathawa pa ngodya zakuthwa ndipo ndi pomwe dzimbiri limabwererera. Pakani ndi burashi, osapopera: muli mankhwala otchedwa isocyanate amene amavulaza mapapu, ndipo masiki wamba sateteza. Magolovesi a nitrile ndi ofunika. Akauma pakhungu palibe chomuchotsa, mudzayenda naye mpaka khungu litadzisintha lokha. Dzuwa limamufwifwitsa, koma kunsi kwa galimoto zimenezo zilibe kanthu.

Mukafunsa maganizo athu, pa galimoto ya zaka zimenezi timakonda penti wa epoxy mastic, monga Jotamastic 87 kapena EM121 wa Rustbuster. Chifukwa chake n'chakuti chassis yanu sidzakhala ya mtundu umodzi: pena chitsulo choyera, pena penti wa Fiat wolimba, pena timaenje takuda. Epoxy mastic amagwira ponsepo malinga pakwechedwa, pomwe POR-15 amafuna pokhakhala pokhapokha. Vuto lake ndi kusakaniza zigawo ziwiri pa muyezo wolembedwa pachitini, mosaphonya, ndipo osakaniza wambiri nthawi imodzi chifukwa amayamba kulimba m'chitini momwemo. Chimene musachite ndi kuphatikiza njira. Mankhwala osandutsa dzimbiri kukhala lakuda, monga Kurust kapena Hydrate 80, ali ndi malo ake pa timaenje tosafikika, koma amasiya kansalu pamwamba, ndipo POR-15 sagwira bwino pa kansaluko. Komanso amangosintha dzimbiri la pamwamba. Chibanthu chokhuthala chimada kunja, mkati chikadali chofiira.

Nyengo nayo ndi mbali ya ntchito. Ku Leeds chitani zimenezi pakati pa May ndi September. Kutentha kupitirire madigiri 10, chinyezi cha mumpweya chikhale pansi pa 85 peresenti, ndipo lamulo la openta zitsulo ndi lakuti chitsulo chitenthe madigiri 3 kuposa pamene mame amayambira. M'mawa chassis imakhala yozizira kuposa mpweya ndipo imachita thukuta losaoneka, ndiye yambani cha m'ma 11 koloko.

Za malita: chitini cha POR-15 cha mamililita 946 chimakwana pafupifupi masikweya mita 9 kupaka kamodzi. Thabwa la pansi simukulipenta, ndi zitsulo zokha, choncho zitini ziwiri zimakwanira kupaka kawiri pa galimoto ngati yanu, chachitatu ngati dzimbiri lafalikira kwambiri popeza pokhakhala pamamwa penti. Ndi bwino kugula tizitini ting'onoting'ono kusiyana ndi chachikulu chimodzi, popeza chikatsegulidwa chimayamba kulimba. Onjezerani lita imodzi kapena awiri a Metal Prep, mankhwala a girisi, ndi maburashi otchipa asanu ndi limodzi otaya mukamaliza.

Pali zimene penti asakhudze. Ekizozi, madisiki ndi mapaipi a labala a mabuleki, masensa a ABS, pomangirira mawaya a earth, nambala ya chassis, ndi timabowo totulutsira madzi pansi pa zitsulo. Pa motorhome onjezerani mabowo a pansi otulutsira gasi akadontha, potulukira utsi wa hita, ndi zolumikizira mapaipi a gasi. Zonsezi zikulungeni ndi pepala la aluminiyamu la kukhitchini, limagwira lokha popanda tepi. Mapaipi achitsulo a mabuleki akakhala ndi timaenje musawabise ndi penti, asintheni ndi a cupronickel, a kopa wosakaniza ndi nickel. Thabwa la pansi nalo lisiyeni lipume. Mukalimata ndi tala, madzi olowa kuchokera pamwamba sadzatuluka ndipo lidzaola.

Chimene mnzanu sanakuuzeni ndi ichi. Chassis yambiri ndi zitsulo zamphako, ndipo zimadyeka kuchokera mkati, kumene burashi sifika. Mutha kupenta kunja mokongola, chitsulo chopingasa chija n'kudzabooka ndithu. Penti akalimba, patapita masiku angapo, poperani wax wa m'mphako monga Dynax S50 kapena Dinitrol ML, pogwiritsa ntchito kapaipi kakatali kamene kamabwera ndi chitini. Ikani zitini m'madzi ofunda kaye kuti wax apyapyale, lowetsani kapaipiko m'bowo mpaka kumapeto, ndipo poperani mukukakoka pang'onopang'ono kufikira wax ayambe kudontha pa zolumikizira. Zitini zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi za mamililita 750 zimakwana chassis, masitepe ndi pansi pa zitseko. Wax azibwera pambuyo pa penti nthawi zonse, chifukwa pamene wadontha penti sadzagwiranso. Yalani makatoni pansi, adzadontha masiku angapo, ndipo ulendo woyamba padzamveka fungo ekizozi ikatentha.

Kunja kwa penti mutha kuwonjezera wax wa kunsi monga Dynax UB kapena Dinitrol 4941, makamaka kumbuyo kwa matayala kumene miyala imamenya. Wosabisa chitsulo, monga Dynax UC kapena Lanoguard, ali ndi ubwino woti mumaona zimene zikuchitika pansi pake, ndipo woyeza MOT naye amaona, ngakhale Lanoguard amafuna kubwereza chaka ndi chaka.

Mukatero, mwezi wa March kapena April uliwonse tsukani kunsi ndi madzi ambiri kuchotsa mchere wa nyengo yozizira, ndipo pamene penti wagamphuka palani n'kupakanso nthawi yomweyo. Motorhome imakhala miyezi yambiri itangoima, ndiye poimika posankhani: pa simenti kapena pa miyala, osati pa udzu, popeza udzu umatulutsa chinyezi usiku uliwonse molunjika pa chassis.