"Nanga opaleshoniyi ikapanda kugwira ntchito pa ine?" Kuyankha achemwali a ku Leeds

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena okhala ku Leeds ku England, dzina sinditchula. Ali ndi zaka 41, amasamalira okalamba ndipo nthawi zambiri amagwira ma night, akulemera makilo 128, ali ndi shuga komanso BP, ndiye a NHS, a zipatala za boma kuno, awapatsa tsiku loti akapangidwe sleeve, opaleshoni yochepetsa chifu kuti munthu atsike thupi, mwezi wamawa. Alemba kuti: "Madayeti ndayesa onse, ndimatsitsa makilo 10 kenako amabwerera 15. Mnzanga wa kuntchito anapangitsa opaleshoni yomweyi pano wanenepanso. Nanga andidule chifu ine n'kukhalabe chimodzimodzi? Ndimafuna nditafika pa 65 ngati ndili mtsikana. Amayi kumudzi sindinawauzenso."

Achemwali, inenso sleeve ndinapangitsa zaka zapitazo, ndiye mantha amenewa ndikuwadziwa bwino. Ndiyambe ndi za madayetizo poti ndi zimene zikukudyani kwambiri. Kulephera kwa dayeti sikukunena kanthu za mmene opaleshoni idzayendere, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu ukatsitsa thupi ndi dayeti thupilo limabwezera, njala imakula, komanso limayamba kuumira mphamvu, nchifukwa chake makilo amabwerera olo munthu akhale wolimba mtima bwanji. Pa sleeve amachotsa pafupifupi 75 mpaka 80 peresenti ya chifu, chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi, ndipo mbali imene amachotsayo ndi imene imapanga kwambiri homoni ya njala yotchedwa ghrelin. Ndiye sikuti mumangokhuta msanga basi, njala ija yomakudzutsani kukatsegula fuliji 3 koloko usiku imachepa kwa anthu ambiri, makamaka chaka choyamba.

Koma za 65 zija ndikuuzeni zoona, musaziyike mumtima. Ambiri amatsitsa 25 mpaka 30 peresenti ya kulemera kwawo m'chaka chimodzi kapena ziwiri, kwa inu ndiye kuti makilo 32 mpaka 38, mufika cha m'ma 90. Ena amapitirira, ena safikapo. Ndikunena izi chifukwa ndawonapo anthu atatsitsa makilo 35, mawondo asiya kupweteka, mapilitsi a BP awachepetsera, koma akulira kuti opaleshoni yalephera poti nambala imene ankaifuna sinakwane. Zimandipweteka kwambiri zimenezo.

Umboni woti imathandiza ulipo ndipo si wa dzulo. Ku Sweden anayamba kafukufuku mu 1987, wotchedwa SOS, anatsatira anthu pafupifupi 2,000 opangidwa opaleshoni ndi ena 2,000 osapangidwa. Patatha zaka 10 a bypass, opaleshoni ina imene amachepetsa chifu n'kulambalalitsa chakudya mbali ina ya matumbo, anali akadali otsika thupi ndi 25 peresenti, pamene osapangidwawo sanasinthe kwenikweni, ndipo zotsatira za mu 2007 zinaonetsa kuti imfa zinali zochepa kwa opangidwa opaleshoni. Pa nkhani ya shuga pali wina wa ku Cleveland Clinic ku America, STAMPEDE, wa anthu 150: patatha zaka 5, amene shuga wawo anatsika kufika pa 6 kapena kuchepera pa HbA1c, muyezo wa shuga wa m'magazi wa miyezi itatu, anali 29 peresenti kwa a bypass, 23 kwa a sleeve, ndipo 5 okha kwa amene ankangolandira mankhwala. Mukuona kuti si onse amene shuga anatheratu, koma kusiyana kwake ndi kwakukulu. Popeza muli ndi shuga, ndipo ngati mumavutikanso ndi chilungulira, afunseni adokotala anu chifukwa chimene asankhira sleeve osati bypass, sleeve imatha kukulitsa chilungulira. Kufunsa si mwano, thupi ndi lanu.

Tsopano za mnzanu uja. Kubwerera makilo angapo chaka chachiwiri chikadutsa zimachitika kwa ambiri ndipo si kulephera, ku Sweden komweko a bypass anafika pa 32 peresenti kenako n'kudzakhazikika pa 25. Kubwerera kwambiri ndiye kumachitikanso kwa ena, nthawi zina thupi lawo ndi mmene layankhira, palibe chimene analakwa, koma kawirikawiri njira yake ndi imodzi: zamadzimadzi ndi zofewa. Chifu chaching'onocho chimakana nyama ndi nsima yambiri, koma tiyi wa masupuni atatu a shuga, Fanta, thobwa, mabisiketi oviika, chokoleti, zonsezi zimangodutsa osamva kukhuta. Inu a ma night apa ndiye pali ngozi yanu, 2 koloko okalamba agona, mwatopa, pa tebulo la staff pali kabokosi ka mabisiketi kamene abale a wodwala anabweretsa, mumangotola imodzi imodzi mpaka kucha. Yambani panopa kunyamula chanu, mazira owiritsa, yogati wopanda shuga, kansomba pang'ono, ndipo muzidya pa nthawi yoikika osati kumangotolatola.

Masabata awiri opaleshoni isanachitike adzakuyikani pa dayeti yochepetsa chiwindi, zipatala zambiri kuno amapereka ya mkaka ndi yogati, ma calorie 800 mpaka 1,000 patsiku. Imeneyi musaibere chonde. Chiwindi chimakhala pamwamba pa chifu, dokotala amayenera kuchinyamula kuti agwire ntchito kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, chikakhala chachikulu ndi chamafuta ntchito imavuta mwinanso kuimitsa kumene. Masiku oyamba mutu umapweteka ndipo mtima umapsa msanga, kenako zimapepuka. Mankhwala a shuga afunika kuwasintha nthawi imeneyi, ndiye auzeni a nesi musanayambe, shuga angatsike kwambiri muli pantchito. Ngati mumasuta siyiranitu.

Opaleshoni yeniyeniyo ngozi ya imfa ndi yochepa, cha pa munthu 1 mwa 1,000 kapena kucheperapo, yofanana ndi yochotsa ndulu. Kuchipatala mugona usiku umodzi mpaka itatu, adzakudzutsani tsiku lomwelo kuti muyende poopa magazi kuundana. Mukafika kunyumba mtima ukamathamanga kwambiri, thupi kutentha, m'mimba kapena phewa lakumanzere kupweteka koopsa, kapena kubanika, pitani ku A&E, kuchipatala kolandirira odwala mwadzidzidzi, nthawi yomweyo osadikira kuche, pena pamene anasokapo pamatha kudontha.

Kenako masabata awiri zamadzi zokha, awiri zopota, awiri zofewa, chakudya chenicheni pambuyo pake. Cha m'sabata lachitatu sikelo imaima kwa anthu ambiri, ndipo mudzaganiza kuti zija mumaopa zachitika. Ayi, imadzayambanso kutsika. Tsitsi limathothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi kenako limamera. Nsima ndikudziwa mukufuna kufunsa. Mudzadya, koma osati msanga, ndipo dongosolo la mbale lidzatembenuka, muziyamba ndiwo, nsomba, nkhuku, nyemba, mazira, kenako masamba, nsima mbamu imodzi kapena ziwiri pomaliza ngati malo alipo, chifukwa mukufunika ma protein osachepera magalamu 60 patsiku ndipo mukayamba ndi nsima malo atha. Tafunani mpaka zisalale. Madzi osamwera pa chakudya, dikirani mphindi 30. Mavitamini ndi a moyo wonse, ambiri amabayitsanso B12 miyezi itatu iliyonse, ndipo ma ibuprofen muwapewe poti amayambitsa zilonda m'chifu. Chinanso, zaka 41 musati mwadutsa, thupi likatsika mimba imatenga msanga, ndipo amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18, ndiye za kulera mukambiranetu ndi a GP, adokotala anu a nthawi zonse.

A NHS amakutsatirani zaka ziwiri kenako a GP kuyeza magazi chaka ndi chaka. Anthu akayamba kubwerera makilo amachita manyazi n'kusiya kupita, pomwe nthawi imeneyo ndi imene a dietitian, alangizi a zakudya, angathandize kwambiri, pano palinso majakisoni ochepetsa njala ngati semaglutide amene ena amapatsidwa opaleshoni itachitika kale.

Za amayi, maganizo anga ndi oti muwauze, kapena mchemwali wanu mmodzi amene amasunga pakamwa. Kwathu munthu ukanenepa amati zikukuyendera, ukawonda mwadzidzidzi anthu amayamba kunong'onezana kuti ukudwala, ndiye amayi akadzaona chithunzi pa WhatsApp muli wotsika makilo 30 osadziwa kanthu sadzagona tulo. Auzeni kuti ndi chithandizo cha shuga ndi BP chimene madokotala alangiza, poti ndi zoona zake. Ku Leeds komweko pezaninso munthu woti adzakutengeni kuchipatala ndi kugona nanu masiku oyambirira, ndipo kuntchito pemphanitu tchuthi chokwanira, ntchito yanu ndi yonyamula anthu ndipo simuloledwa kunyamula zolemera mpaka masabata anayi kapena asanu ndi limodzi atadutsa.