Njanji ikadutsa pakhomo panu, kodi sitima iima?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti boma latumiza komiti yofufuza kuti imve maganizo a anthu pa njira ziwiri za njanji, ina ya m'chigwa momwe muli midzi ndi minda, ina yolambalala kuseri kwa mapiri. Akufunsa ngati n'kwanzeru kupita kukalankhula, kapena akuluakulu adagwirizana kale.

Mayi, imelo yanuyi ndaiwerenga katatu, ndipo yanditsitsimutsa chilonda chakale. Ndili mwana, anthu oyeza malo adafika m'munda mwa bambo anga n'kukhoma zikhomo zopaka penti yofiira, mzere umodzi kuchokera kumtunda mpaka kumtsinje. Tsiku la msonkhano wa komiti bambo adavala jekete lawo lokhalo, n'kunditenga. Mapu adali atapachikidwa pa bolodi m'kalasi. Itafika nthawi yawo adaimirira, chipewa chili m'manja, nati, "Mabwana, njanjiyo tikuifuna, idutse konkuno." Anthu adawomba m'manja. Ine ndidanyada kwambiri.

Idadutsadi. Koma siteshoni adaimanga kutali, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Munda udagawika pakati, chitsime chidatsala tsidya lina la chiunda cha dothi ndi miyala, ndipo payipi yomwe adaika pansi pa njanji idali yaing'ono, moti mvula ikagwa madzi ankadikha m'mizere kwa masiku. Bambo adamwalira asanakwereko sitima imeneyo. Ankangowerenga mabogi akamadutsa.

Sindikunena kuti komiti idawanamiza. Palibe amene adawalonjeza siteshoni. Iwo sadafunse, nawonso a komiti sadaone chifukwa chowauzira. Safunsa adadya phula.

Chimene ndidadzaphunzira nditakula n'chakuti njanji simvera m'manja mwa anthu. Imamvera nthaka. Gudumu lachitsulo pa chitsulo chinzake siligwira ngati tayala pa phula, choncho sitima yakatundu imavutika ngakhale pa chitunda chokwera mita imodzi pa mamita 100 aliwonse. Sikhotanso msanga. N'chifukwa chake mainjiniya amakonda zigwa, komwenso ndi kumene anthu amalima. Akazemba chigwa ndiye kuti aboole phiri kapena amange milatho, ndipo ndalama zimathera pamenepo. Kenako pali katundu: mgodi uli kuti, doko lili kuti. Mudzi wanu umabwera pambuyo pa zonsezi.

Komabe musandiuze kuti lipoti la akatswiri ndi mawu omaliza. Mu 1964 World Bank idati njanji yolumikiza Zambia ndi Tanzania siingapindule. Kaunda ndi Nyerere sadagonje, China idapereka ngongole, ndipo pakati pa 1970 ndi 1975 njanjiyo, yotchedwa TAZARA, idamangidwa, makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, kudutsa m'mapiri ovuta a pakati pa Mlimba ndi Makambako. Ku Kenya, oteteza zachilengedwe adalimbana mpaka m'makhoti kuti njanji yopita ku Naivasha isadutse mu Nairobi National Park. Idadutsabe, n'kutsegulidwa mu 2019, koma ili pamwamba pa zipilala kuti nyama zizidutsa pansi. Nkhani imeneyi imandikhudza. Ngati nyamalikiti adamuganizira podutsa, nanga mwana wasukulu? Nanga mayi wosenza ndowa?

Ndipo chimandipweteka kwambiri n'kuona midzi iwiri ikudana chifukwa cha mzere wa pa mapu, awa akuti idutse kwathu, awo akuti kwathu, pamene onse sadziwa ngati sitimayo idzanyamule anthu n'komwe. Komiti imapuma bwino anthu akamakangana okhaokha, chifukwa mafunso ovuta safunsidwa.

Tsono mukanene chiyani?

Pitani, Mayi, ndipo musapite nokha. Za mzere weniweniwo mwina simusintha kwambiri, koma zing'onozing'ono zimene zimapha kapena kupulumutsa mudzi zimasinthika ndithu nthawi imeneyi, konkire isanathiridwe. Funsani ngati padzakhala sitima ya anthu, ndi malo enieni a siteshoni. Funsani powolokera anthu ndi ziweto, ndi kukula kwa ngalande za madzi. Atengeni mukawaonetse pomwe mtsinje umafika ukasefukira, chifukwa mapu awo sangadziwe zimenezo kuposa inu.

Funsaninso tsiku lotsekera kalembera wa katundu wa anthu amene njanji idzawakhudze, poti chomangidwa kapena chodzalidwa pambuyo pa tsikulo nthawi zambiri sichilipiridwa. Ngati ndalama zikuchokera ku World Bank, malamulo ake amati chipukuta misozi chikhale chokwanira kupezera china chofanana ndi chomwe mwataya. Jambulani nyumba, mitengo, chitsime ndi manda. Zonse muzilembe papepala, onse okhudzidwa asaine, mlembi wa komiti adinde kuti walandira, ndipo kope limodzi litsale m'manja mwanu. Bambo anga adalankhula pakamwa pokha, ndipo nditadzawerenga lipoti la komiti ija patapita zaka, mudzi wathu wonse udali mu mzere umodzi wonena kuti anthu adavomera.