Yankho pa funso la tsabola wowawa kwambiri ndi kasungidwe ka njere zake

Amayi, mwafunsa ngati tsabola wofiira wamakwinya amene mwagula mumsika waukulu wa Mzuzu ali Carolina Reaper monga anakuuzirani wogulitsa, komanso mmene mungasungire njere zake. Chithunzi chimene mwatumiza pachokha sichingatsimikize dzina la tsabola, chifukwa mitundu yambiri yowawa kwambiri ndi ya banja limodzi ndipo zipatso zake zimafanana. Komabe pali zizindikiro zimene zingakuthandizeni.

Carolina Reaper anapangidwa ndi Ed Currie ku South Carolina ku America, ndipo mu 2013 analembedwa m'buku la Guinness kuti ndiye wowawa koposa onse, mpaka mu 2023 pamene Pepper X wa munthu yemweyo anamuposa. Khungu la Reaper ndi lokakala ngati lili ndi matuza, ndipo kumunsi kwake kumakhala kamchira kosongoka. Pachithunzi chanu kamchirako sindikukaona, ndipo chipatsocho ndi chachitali chosongokera kumapeto, choncho chikufanana kwambiri ndi Bhut Jolokia wochokera kumpoto chakum'mawa kwa India, amene mu 2007 anadziwika kuti amapitirira 1,000,000 pa muyeso wa ukali wa tsabola wotchedwa Scoville. Poyerekeza, habanero amakhala pakati pa 100,000 ndi 350,000, ndiye mukhoza kuona kuti si tsabola woti mwana azimugwira.

Mtengo wake ndiwo umanena zoona kuposa chipatso. Kambuzi wathu, habanero, Bhut Jolokia ndi Reaper onse ndi a banja limodzi lotchedwa Capsicum chinense, ndipo mudzawazindikira ndi masamba otambalala okwinyika pang'ono, maluwa awiri kapena kuposerapo pamfundo imodzi, ndiponso zipatso zolendewera pansi. Kapiripiri, amene alimi a ku Zomba ndi Mulanje amalima wogulitsa kunja, ndi wa banja lina, ndipo tizipatso take timaloza kumwamba. Tsabola wamba wa m'dimba amatulutsa duwa limodzi loyera pamfundo iliyonse.

Chimene ndikufuna kuti muchisamale koposa ndi ichi: njere za chipatso chogula pamsika sizilonjeza kubereka tsabola wofanana ndi mayi wake. Njuchi zimanyamula mungu kuchokera pamtengo wina kupita pa unzake, ndipo mitundu ya banja limodzi imasakanikirana mosavuta. Ine ndinadzala kambuzi pafupi ndi habanero kuseri kwa nyumba ku Chibavi, ndipo chaka chotsatira njere zimene ndinasunga zinabereka zipatso zosadziwika bwino, zazitali pang'ono komanso zopanda kafungo kaja kamene timakondera kambuzi pa nsomba yowamba. Zinandipweteka, chifukwa mbewuyo ndinaitenga kwa malemu agogo anga. Choncho dzalani njere zanuzo, muone chimene chituluke, kenako musankhe mtengo wathanzi umene wakusangalatsani. Pa mtengowo mangani kansalu ka neti yakale ya udzudzu kuzungulira nthambi imodzi maluwa ake asanatseguke. Duwa la tsabola limadzipatsa lokha mungu, ndiye kugwedeza nthambiyo pang'ono m'mawa n'kokwanira. Zipatso zikayamba kuoneka chotsani netiyo ndi kumangapo ulusi kuti musazisokoneze ndi zina.

Thyolani chipatso chikapsa kwathunthu, ngakhale chitayamba kufota pang'ono, pakuti njere za chipatso chosakhwima sizimera bwino. Valani magolovesi kapena jumbo m'manja podula, chifukwa ukali wambiri uli m'kamnofu koyera kamene njere zimamatirirapo, ndipo mukadzikhudza m'maso ululu wake sutha msanga. Tayani njere zakuda ndi zopyapyala. Zotsalazo ziyalani pa mbale pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa lamphamvu, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Njere youma imathyoka mukaipinda, pamene yaiwisi imangopindika.

Kuno ku Mzuzu vuto lathu lalikulu ndi chinyezi, popeza mvula imachedwa kusiya ndipo mawawa amapitirira mpaka m'nyengo yozizira. Njere zosiyidwa papepala pawindo zimachita chuku msanga. Zikauma ziikeni mu envulopu, lembanipo mtundu ndi tsiku, ndipo envulopuyo muiike m'botolo lagalasi lotsekeka bwino momwe muli phulusa louma pang'ono pansi. Zikasungidwa pozizira ndi pamdima zimamera bwino kwa zaka ziwiri kapena zitatu.

Musafese mu Juni kapena Julayi, chifukwa tsabola wa banja limeneli amafuna dothi lofunda, pafupifupi madigiri 25 mpaka 30, ndipo kuzizira kwa kuno kumachititsa njere kuolera m'nthaka. Dikirani kumapeto kwa Ogasiti kapena Seputembala, ndipo musataye mtima zikachedwa, pakuti zina zimatenga masabata atatu kapena anayi. Mitengo ikadzachita maluwa, mudzatumize chithunzi cha mfundo imodzi chojambulidwa pafupi pamodzi ndi tsamba, tidzaonere limodzi.