Za nyumba yabuluu ya Frida Kahlo ija

Achemwali, mwafunsa ngati nyumba yabuluu ya Frida Kahlo, wojambula zithunzi wa ku Mexico, yomwe mwaiona pa zithunzi ili momwemo mmene mwiniwake adaisiyira, komanso kuti zidayenda bwanji kuti isanduke myuziyamu. Katundu wake ndi yemweyo ndithu, koma kayalidwe kake ndi ka anthu omwe adabwera iye atamwalira.

Nyumbayi, yomwe eni ake amati Casa Azul, ili ku Coyoacán mumzinda wa Mexico City, pa msewu wa Londres nambala 247. Adamanga ndi bambo ake, a Guillermo Kahlo, mu 1904, ndipo siinali yabuluu ayi. Frida adabadwa mu 1907 n'kukulira momwemo. Mu 1925 basi yomwe adakwera idawombana ndi sitima ya mumsewu, msana ndi chiuno zidathyoka, ndipo adagona chagada miyezi yambiri. Mayi ake adakhomera kalilole kudenga la bedi kuti azidziona, ndiye kujambula nkhope yake kudayambira pamenepo. Mabilu a chipatala adalemetsa banjali, lomwe lidali kale ndi ngongole yomwe chikole chake chidali nyumba yomweyi. Yemwe adabweza ngongoleyo ndi Diego Rivera, wojambula mnzake, atakwatira Frida mu 1929. Akadapanda kutero, bwenzi lero tikukamba za nyumba ya anthu ena.

Maonekedwe omwe mukuwaona adabwera pang'onopang'ono. Mu 1937 Leon Trotsky, wandale wa ku Russia, pothawa Stalin yemwe ankalamulira dzikolo, adafikira m'nyumbayi mpaka 1939. Mawindo oyang'ana kumsewu adawatseka ndi njerwa, ndipo Rivera adagula puloti yoyandikana nayo, bwalo n'kukula. Mu 1946 katswiri wa mapulani a nyumba, Juan O'Gorman, adaonjezera chipinda chojambuliramo cha miyala yakuda ya phiri lophulika. Frida adamwalirira m'nyumbamo pa 13 July 1954.

Pomwe nyumba zambiri za anthu aluso zimathera ndi pa maliro: wina watenga mipando, wina wagulitsa zithunzi, makalata aponyedwa pamoto posesa. Rivera adatseka njira imeneyo. Adaika nyumba ndi zonse za mkati mwake m'manja mwa Banco de México, banki yaikulu ya dzikolo, kuti zikhale za anthu a ku Mexico, wachibale aliyense asadzagawe kapena kugulitsa. Iye adamwalira mu 1957, myuziyamu idatsegulidwa mu 1958, ndipo adayala katunduyo ndi mnzawo, mlakatuli Carlos Pellicer. N'chifukwa chake njinga ya olumala imaima patsogolo penipeni pa choimikira chithunzi, maburashi ali pambali ngati mwini wangotuluka panja. Pa bedi la kalilole pali chigoba cha nkhope ya Frida chomwe adaumba atamwalira, ndipo phulusa lake lili m'chipinda china, mu mtsuko wakale wadothi wooneka ngati chule. Kukhitchini, timiphika tating'onoting'ono tadothi tokhomedwa pakhoma tidalemba mayina a Frida ndi Diego.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi bafa. Rivera adapempha kuti likhale lokiya zaka 15, koma mayi Dolores Olmedo, omwe adasiyiridwa udindo woyang'anira, sadalitsegule mpaka imfa yawo mu 2002. Adalitsegula mu 2004, patapita zaka 50 Frida atamwalira. Mudapezeka zithunzi za kamera zoposa 6,000, makalata ndi mapepala oposa 20,000, zovala ndi zinthu zina za pathupi pafupifupi 300, mankhwala, zomangira msana, ndi mwendo woikirira womwe ankavala atadulidwa mwendo wakumanja mu 1953, uli ndi jombo yofiira yopetedwa. Kukiya kuja kudateteza katunduyo ku dzuwa ndi manja a anthu, koma fumbi ndi chinyezi zidalowabe, moti padatenga zaka kutsuka, kusoka ndi kulemba chimodzichimodzi m'kaundula. Zovalazo zidayamba kuonetsedwa mu 2012, ndipo mu 2018 zina zidakafika ku Victoria and Albert Museum ku London.

Musadabwe mukamva kuti chipinda cha zovala ndi chamdima. Kuwala kumafufutsa utoto wa nsalu ndipo sikubwerera, choncho osunga zakale sapyola malakisi 50 (lakisi ndi muyezo wa kuwala) pa nsalu ndi pamapepala. Chinyezi amachisunga cha m'ma 50 peresenti: chikakwera pamamera chuku ndipo njenjete zimaswana, chikatsika kwambiri matabwa amang'aluka, pulasitala n'kumayoyoka. Khamu la anthu nalonso ndi vuto, chifukwa zipinda za banja ndi zopapatiza, thukuta ndi mpweya zimakweza chinyezi, zikwama zimakhula makoma. Ndiye matikiti amagulidwa pa intaneti, aliyense ndi ola lake, ndipo Lolemba satsegula.

Ngati mukufuna zojambula zake zikuluzikulu, dziwani kuti zambiri sizili kumeneko. Cha ma Frida awiri ogwirana manja chili ku Museo de Arte Moderno, myuziyamu ina ya mu Mexico City momwemo. M'nyumba yabuluuyo mupezamo chithunzi cha bambo ake, ndi cha mavwende odulidwa chomwe adalembapo Viva la Vida (kutanthauza "moyo ukhalitse") mu 1954, atatsala masiku ochepa kuti amwalire.